Tsiku Limene Seva Inakumbukira Mkwati Wakale

1

Mukafunsa kwa apongozi anga kuti ukwati wa mwana wawo womaliza unathetsedwa ndi ndani, sachedwa kuyankha. Amandiloza ndi mlomo. Ine ndimangoweramitsa mutu, chifukwa ndinavomera ndekha pamaso pa anthu, dzuwa likuswa mtengo, ndisanalawe kanthu kalikonse. Koma inu owerenga simunandilembe ntchito, choncho ndikuuzani mmene zinayendera.

Ndine mkulu wa zamakompyuta pa kampani ya apongozi anga aamuna, yogulitsa simenti, malata ndi utoto. Ndikati mkulu musaganize kuti pali ena pansi panga. Dipatimenti yonse ndi ine, mpando wanga, ndi fani imene imazungulira ikafuna. Apongoziwo satchedwa bambo ayi. Ndi a Tcheyamani. Ngakhale mayi, akazi awo, akafuna kuti zinthu ziyende msanga amati, "A Tcheyamani, tiyi akuzizira."

Kuseri kwa ofesi yanga kuli kachipinda kopanda zenera. Mmenemo ndi mmene mumakhala seva, kompyuta yaikulu imene imasunga moyo wonse wa kampani. Ukwati wa mlamu wanga utayandikira, seva ija inayamba kulira ke-ke-ke ngati nkhuku yotsamwa, ndipo kagetsi kake kobiriwira kanasanduka kofiira. Ndinakwera masitepe kupita kwa a Tcheyamani.

"Hadi disiki ikufa, bwana. Ndi mmene muli zonse."

"Singadikire ukwati udutse?"

"Maliro sadikira ukwati, bwana."

"A Injiniya," anatero akuvula magalasi. Amanditchula choncho akafuna kundikumbutsa kuti ndine mkamwini chabe. "Ku ukwati umenewu kukubwera anthu aulemu wawo. Sindikufuna phokoso."

"Simudzamva ngakhale kutsokomola kwanga," ndinalonjeza.

2

Seva ili ngati nyumba ya lendi. Kunja mumaona bokosi limodzi, koma m'kati mwake mumakhala makompyuta angapo osagwirika ndi manja, aliyense m'chipinda chake, aliyense akudziyesa mwini nyumba. Ife a ntchitoyi timawatcha ma VM. Kwathu analipo asanu: wa malisiti, wa katundu, wa malipiro, wa mauthenga a makasitomala, ndi wachisanu, amene anali m'tulo.

Musanazule disiki, mumayamba mwasamutsa a lendi onsewa. Aliyense mumamukopera wathunthu pa disiki ina yapadera, ndi katundu wake yense mpaka tsache. Kumeneko ndiye kupanga bakapu. Kenako mumayesa ngati makopewo ali amoyo, pakuti bakapu yosayesa ndi mphekesera chabe. Mukatero mumazimitsa seva, kuzula disiki yodwala, kuika yatsopano, n'kubwezeretsa a lendi m'zipinda zawo. Akadzuka sadziwa n'komwe kuti anasamukapo. Amapitiriza pomwe analekezera.

Zimenezi ndinafotokozera aliyense amene anali ndi makutu sabata imeneyo: mlonda wa pageti, mlamu wanga pa kauntala, mayi atabwera kudzatenga makiyi a galimoto, ndi mkazi wanga kunyumba akusita malaya. Onse ankati "eee" m'malo oyenera. Munthu ukadziwa chinthu, kuchisunga wekha ndi umbombo.

Za wachisanu uja muyenera kuzidziwa. Zaka zingapo zapitazo mlamu wangayu anatsala pang'ono kukwatiwa ndi makaniko wina, mnyamata wofatsa wa zikhadabo zakuda. Holo inali itapezeka, diresi itasokedwa, ndipo ine ndinali nditakonza kompyuta yachisanuyi kuti itumize pa foni mauthenga okumbutsa oitanidwa onse. Mauthengawo ali pamzere kudikira kunyamuka, a Tcheyamani anatulukira kuti galaja imene mnyamatayo ankagwirako sinali yake. Anali wolembedwa ntchito, ngati ine.

"Zimitsani zonse," analamula.

Ndinazimitsa. Kufufuta kokha sindinafufute, poti munthu wa makompyuta sataya kanthu. Kunyumba ndili ndi katoni ya mawaya a mafoni amene anasiya kupangidwa ndisanamere imvi.

3

Mkwati watsopanoyu anamupeza ndi a Tcheyamani, ku msonkhano wa anthu amalonda. Ankatchedwa a Dokotala. Udokotala wa chiyani, palibe ankadziwa. Tsiku lina mayi anawaonetsa bondo lotupa, iwo n'kunena kuti imeneyo si mbali yawo. Anali munthu woti akamakupatsa moni maso ali kumbuyo kwako, kuona ngati sikukubwera wina wofunika kuposa iwe.

Mlamu wanga ankawayankha "chabwino" pa chilichonse. Mtundu wa maluwa, chabwino. Asiye ntchito akakwatiwa, chabwino. Mkazi wanga, yemwe ndi mkulu wake, anayesa kangapo kumukhazika pansi, koma ankabwerako ndi "chabwino" yemweyo.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, Loweruka masana sitolo itatsekedwa, ndinagwira ntchito yanga. Sindikonda kudzitama, koma pakanakhala anthu oonerera akanaomba m'manja. Ndinakopera asanu onse, ndinayesa makope, ndinazula disiki yakale ikutentha ngati njerwa ya mu uvuni, n'kulowetsa yatsopano. Kubwezeretsa kumatenga nthawi, choncho ndinangokuyambitsa n'kupita kunyumba kuti ndiziyang'anira pa laputopu.

Lamulungu pochokera kutchalitchi ndinapeza a lendi onse afika bwino, wachisanu yemwe. Ndinadya, n'kutambasula miyendo pa sofa monga amachitira munthu amene dziko lili naye ngongole ya zikomo.

Chinandidzutsa ndi foni yanga. Munali uthenga.

"Tikukukumbutsani za ukwati wa mwana wathu womaliza Loweruka lino. Mkwati ndi..." Apa panali dzina la makaniko uja, lonse lathunthu, m'zilembo zazikulu, monga ndinalilembera ndekha zaka zija. "Chonde musachedwe."

Deti ndinali ndisanaikemo nthawi imeneyo. Ndinangoti Loweruka lino. Ndipo oitanidwa akale ndi atsopano anali pafupifupi omwewo: achibale, a mpingo, makasitomala akuluakulu. A Dokotala nawonso analandira, poti pa ukwati woyambawo anaitanidwa ngati kasitomala.

Woyamba kuimba anali azakhali a mkazi wanga.

"Bambo, tandiuzani msanga ndisanasokoneze. Ine ndagulira a Dokotala tayi. Makaniko amavala tayi?"

"Pali kulakwitsa pang'ono, azakhali."

"Kulakwitsa kwake ndi kuti, pa uthenga kapena pa mkwati?"

Ndinathamangira pa laputopu. Wachisanu uja anali maso, atamaliza ntchito yake yonse, akudikira ina. Ndinamuzimitsa, koma madzi akatayika saoleka.

Mkazi wanga anali kukhitchini akutsuka mbale.

"Foni yanu yalira kwambiri lero, bambo," anatero osacheuka.

4

Lolemba m'mawa tinasonkhana mu ofesi ya a Tcheyamani, pansi pa chithunzi chawo chachikulu chimene akugwirana chanza ndi munthu wina wofunika amene wojambula anamudula mutu. Panali a Tcheyamani, mayi, mlamu wanga, mkazi wanga, ine, ndi a Dokotala, amene anakana mpando kuti azitha kuyendayenda.

"Ichi ndi chiwembu," anatero a Dokotala. "Munthu wa msinkhu wanga sasowa adani. Kamnyamata ka girisi kaja kalowa m'makompyuta anu."

"Angathe zimenezo, a Injiniya?" anafunsa a Tcheyamani.

Ndinayankha kuti pa dziko lapansi zinthu zambiri zimatheka. Yankho limeneli landipulumutsa kambiri pa ntchito.

"Mkulu wa apolisi ndimadya naye," anapitiriza a Dokotala. "Pofika madzulo kakhala kali m'chitokosi, kakufotokoza bwino."

Mlamu wanga anali atakhala pakona, manja ali pa mawondo. Maso ake anali otupa, koma palibe amene anali ndi nthawi yowaona.

Pachitseko panamveka kugogoda. Mlonda anasuzumira, n'kupatuka, ndipo analowa makaniko mwiniwake atavala malaya oyera ochapa bwino. Kumbuyo kwake kunali mzimayi wamfupi atanyamula khanda.

"Pepani bambo, ndasokoneza," anatero makaniko, chipewa chili m'manja. "Awa ndi mayi a kunyumba. Chiyambire dzulo sakundiyankhula. Ndati mwina akamva kwa eni ake kuti Loweruka sindikukwatira, ayambanso kundipatsa chakudya."

"Ine ndangobwera kudzafunsa kuti ndidzavale chiyani," anatero mkaziyo, maso ali gwa pa mwamuna wake.

Apongozi anga aakazi anatsokomolera m'mpango wawo kutsokomola kokayikitsa.

"Wadzibweretsa yekha," anatero a Dokotala akutulutsa foni. "Atsekereni chitseko."

"Ine bwana kompyuta ndimangoiona mu banki," anatero makaniko. "Foni yangayi ndi ya mabatani."

"Ukanena zimenezo kumeneko."

Khanda lija, lili m'manja mwa mayi ake, linali litagwira kolala ya bambo ake n'kumaiyamwa. A Dokotala anali akufufuza nambala, akutchula mokweza mayina a anthu ena akuluakulu amene ankawadutsa m'foniyo, kuti tonse timve. Ndinaimirira.

"Musaimbe, a Dokotala. Ndi ine."

5

Munthu ukavomera mlandu, chipinda chimakhala chete mokoma. Kanali koyamba kuti banja lonse lindimvetsere popanda wonena "eee".

Ndinafotokoza kuti nditasintha disiki ndinadzutsa makompyuta onse kuti ndione ngati ali bwino, ndipo ndinaiwala kuti wachisanu uja anagona ndi mauthenga m'kamwa. Ndinafuna kufotokozanso za ubwino wa bakapu, koma a Tcheyamani anakweza dzanja.

"Munati sindidzamva ngakhale kutsokomola kwanu."

"Ndinatero, bwana."

"Mzinda wonse wamva."

A Dokotala anabweza foni m'thumba monyinyirika, ngati munthu amene walandidwa mbale asanakhute. Kenako anatembenukira kwa ine n'kuyamba kuwerenga ndi zala.

"Uyu achotsedwe ntchito lero. Mu nyuzipepala mutuluke chipepeso, tsamba lonse, dzina langa ndi maudindo anga onse, osadumpha. Ndipo uthenga wina upite kwa anthu onse aja, wonena kuti mkwati weniweni ndani ndi sukulu zimene anaphunzira. Mukudziwa kuti dzulo ku kalabu anthu amandifunsa ngati ndimakonza mabuleki? Ine?"

Makaniko anaona kuti zake zatha. Anatsanzika mwaulemu, mkazi wake atafewa pang'ono moti anamupatsa khanda kuti anyamule. Atafika pachitseko anacheukira pakona paja.

"Pepani achemwali, zakuvutitsani zimenezi. Koma muli bwanji?"

"Ndili bwino, achimwene. Zikomo. Mwanayo wafanana nanu."

Chitseko chinatsekeka. A Dokotala anali atayamba kulongosola kukula kwa zilembo za chipepeso pamene mlamu wanga analankhula. Sanakweze mawu.

"Chiyambire dzulo, munthu woyamba kundifunsa kuti ndili bwanji ndi mwamuna wa mwini."

"Tikukamba nkhani yaikulu pano," anatero a Dokotala. "Dzina langa lili pa moto."

"Langa linali mu uthenga womwewo."

"Lako likusintha Loweruka. Langa ndi limene anthu amalidziwa."

Ndinadikira "chabwino". Tonse tinamudikira. Mlamu wanga anaimirira, anavula mphete, n'kuiika bwinobwino pa desiki ya bambo ake, pambali pa chidindo cha kampani.

"Alamu, musanachotsedwe ntchito mutumize uthenga umodzi. Mulembe kuti Loweruka kulibe ukwati. Ndipo muikemo deti."

"Ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?" anafunsa a Dokotala.

"Mumandiuza tsiku lililonse."

Anatuluka. A Dokotala anatola mphete ija, anaiyang'ana ngati yaphwanyika, n'kutuluka nawonso, koma kulowera kwina. 

"Nanga anthu aulemu wawo aja?" anafunsa a Tcheyamani potsiriza.

"Akadya kwawo," anatero mayi. "A Tcheyamani, tiyeni mukamwe mankhwala anu."

6

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinanene mu ofesi muja.

Ine wachisanu uja sindinamudzutse. Ndine munthu wolankhulitsa, inde, koma si wopusa. Ndinamubwezeretsa ali chigonere, ndipo ndinamudulira njira yotulukira kunja, kuti ngakhale atadzuka mwangozi azingolankhula yekha m'chipinda chake. Kuti mauthenga aja anyamuke, munthu anayenera kuchita zinthu ziwiri motsatana: kulumikiza njirayo, kenako kudina batani lomudzutsa. Ngozi sichita zinthu motsatana.

Zinthu ziwirizi ndinaonetsa munthu mmodzi yekha, Loweruka lija nditafika kunyumba, chifukwa anandifunsa. Pa zaka zonse za banja lathu kanali koyamba kuti andifunse funso lokhudza ntchito yanga. Ndinasangalala kwambiri moti ndinamuonetsa kawiri. Ndipo Lamulungu pokagona pa sofa, laputopu ndinaisiya yotsegula patebulo.

Lolemba lomwelo titaweruka, ndinamupeza mkazi wanga akuanula zovala kuseri kwa nyumba. Ndinagwira dengu.

"Mayi, dzulo munandipukutira laputopu."

"Inali ndi fumbi."

"Mausi ya laputopuyo ndinaipeza kumanzere."

"Ine ndine wamanzere chibadwire, bambo. Mwadziwa lero?"

Anapinda shati yanga n'kuiponya m'dengu.

"Mumadziwa kuti makaniko anakwatira?" ndinafunsa.

"Ndinavina pa ukwati wake."

"Ndiye mumafuna chiyani?"

"Ndimafuna mng'ono wanga aone a Dokotala atapondedwa chala. Munthu umamudziwa akapondedwa chala. Ndinalankhula naye mwana uja mpaka malovu kuuma, iye chabwino, chabwino. Ndinati aone yekha panopa, osati ali ndi ana atatu ndi ntchito atasiya."

"Akanapanda kukwiya a Dokotala? Akanaseka, n'kumugwira dzanja mlamu?"

"Ndikanagula nsapato zatsopano n'kukavina Loweruka. Ndikanakhala kuti ndalakwitsa ndine."

"Nanga mnyamata uja? Akanagona m'chitokosi. Ndi mkazi wake osamupatsa chakudya."

Apa anasiya kupinda. 

"Pamenepo ndinalakwa," anatero. "Sindinaganize kuti zifika kwa iye. Mawa ndikawaona, ndikapepese mmene ndingathere osanena zambiri. Ndipo mu ofesi muja ndinali nditatsegula kale pakamwa pamene inu mumaimirira."

"Bwanji simunapitirize?"

"Munayamba bwino kwambiri. Komanso simukonda kudulidwa mawu."

Ndinayang'ana m'dengu. Zoona zake n'zakuti ndinamuona akutsegula pakamwa, n'chifukwa chake ndinaimirira msanga. Mkamwini akalakwa, anthu amati ndi mmene alili akamwini, amamunena mwezi umodzi n'kumusiya. Koma a Tcheyamani akanamva kuti mwana wawo woyamba, amene amamutchula m'misonkhano ngati chitsanzo, ndi amene wawavula pamaso pa anthu aulemu wawo, mwanayo sakanapondanso pakhomo pawo mpaka maliro. Ndipo mlamu wanga akanadziwa kuti anamutchera msampha, mwina akanabwerera kwa a Dokotala pongofuna kuonetsa kuti sakokedwa ndi chingwe. Ndimawadziwa ana a nyumba imeneyo. Ndinakwatira mmodzi.

"Ndiye tikhala nazo awiri," ndinatero.

"Gwirani bwino dengulo, bambo, likupendekeka."

7

Ntchito sanandichotse. A Tcheyamani anaitanadi mnyamata wina wa masatifiketi kuti alowe m'malo mwanga, koma atamva kuti akufuna galimoto ya kampani ndi womuthandiza, anakumbukira kuti magazi ndi magazi, ngakhale obwereka. Chilango changa chinali chakuti pachitseko cha ofesi yanga anachotsapo mawu akuti mkulu, ndipo kwa miyezi ingapo ndinali "iwe wa mawaya". Pa maphwando a banja amandikhazika pafupi ndi ana. Sindidandaula, ana amafunsa mafunso abwino.

Disiki yatsopano ikugwira ntchito mwakachetechete, ndipo palibe lisiti ngakhale limodzi limene linasowa. Zimenezi palibe amazitchula.

Mlamu wanga sanakwatiwebe. Pano ndi amene amayendetsa nthambi yatsopano ya sitolo, ndipo mlungu watha ndinamumva akuuza bambo ake pa foni kuti, "Ayi, a Tcheyamani, zimenezo sizitheka." Akandiona amandigwira paphewa n'kunena kuti, "Alamu, kulakwitsa kwanu kuja Mulungu akudalitseni nako." Ine ndimalandira madalitsowo, popeza mlandu ndinalandiranso.

Inu owerenga, ena mwa inu mukuti mkazi wanga anachita nkhanza, kusewera ndi moyo wa mng'ono wake ngati akusuntha mipando. Mwina mukunena zoona. Ine ndemwe ndimadzifunsa kuti zikanapanda kuyenda bwino bwenzi tikukamba zotani lero. Ena mukuti ine ndine wabodza, ndipo apo palibe chotsutsa. Koma m'banja mumakhala katundu wina wofunika kuti wina amusenze, ndipo nzeru ndi kuona kuti ndani angamusenze osathyoka msana. Amuna anzanga, langizo langa ndi laling'ono. Tsiku limene mayi a kunyumba adzakufunseni mwachidwi kuti ntchito yanu imayenda bwanji, ayankheni mwaulemu, koma muyambe mwafunsa kuti kwawo kuli bwanji.

Mwina mukudabwa kuti ndalimba mtima bwanji kulemba zonsezi poyera, mlamu ndi apongozi ali moyo. Mlamu wanga amawerenga za mitengo ya simenti zokha masiku ano. Apongozi aakazi ndikuganiza kuti anadziwa kale, poti chichitikireni zimenezi amandipakulira nyama yambiri osanena chifukwa. Za a Tcheyamani musade nkhawa. Sawerenga magazini imene mulibe chithunzi chawo.